Mutu wa sitima sukuyenda pa adiresi 3, ndiyambire pati?

Chilenje_HO
Muli bwanji akuluakulu nonse. Za DCC, njira yoyendetsera sitima zachidole potumiza uthenga wa digito kudzera m'njanji, ndangoziyamba kumene, ndiye mundipirire. Njanji ndi ya HO (sikelo yochepetsa sitima yeniyeni ka 87), yozungulira thebulo, ili ndi mapointi awiri opatukira, kontrola ndi NCE Power Cab. Mitu ya sitima ilipo iwiri. Woyamba ndi dizilo wogula kwa munthu, decoder (kachipangizo kolandira uthenga wa kontrola m'kati mwa mutu) inalimo kale. Ndikauika panjanji n'kusankha adiresi 3 (nambala yoitanira mutu pa kontrola), zii, osasuntha, nyali osayaka. Wachiwiri unalembedwa DCC Ready pabokosi, ndaikamo ndekha decoder ya mapini 8. Uwu ukuyenda, koma ndikati kutsogolo ukubwerera m'mbuyo, nyali nazonso sizikuyaka. Kodi ma decoder onse awiri ndi akufa?

mdala_wa_Matero
Palibe chakufa apa. Wachiwiriwo mwalowetsa pulagi chozondoka. Zulani, mutembenuze, basi.

Chilenje_HO
Zoona mdala? Sindinawotche kanthu?

mdala_wa_Matero
Simunawotche. Soketi ya mapini 8 ija, dzina lake NEM 652, anaipanga dala kuti munthu akalakwitsa pasapse kanthu. Pini 1 ndi ya waya wa olenji wopita ku mota, pini 5 ndi wa gireyi, mbali ina ya mota. Mukazondotsa, awiriwa amasinthana malo, n'chifukwa chake mutu ukubwerera m'mbuyo. Wofiira ndi wakuda nawonso amasinthana, koma pa DCC zimenezo sizivuta. Nyali zafa chifukwa waya wabuluu, umene nyali zonse zimamwerapo magetsi, wachoka pa 7 n'kugwera pa 3. Yang'anani pabolodi ya mutuwo, pali kanambala 1, kanyenyezi kapena kakatatu. Mbali ya waya wa olenji ilowe pamenepo. Pozula musakoke mawaya, tsekulani pang'onopang'ono ndi kasikuludiraiva kafulati uku ndi uku kuti mapini asapindike.

Kabwata_Junction
Mutu woyambawo chitani reset. Lembani 8 mu CV8 (ma CV ndi timalo tosungira manambala a makonzedwe m'kati mwa decoder), zonse zibwerera za ku fakitale, adiresi ikhala 3.

NaZulu_Ngauge
Ayi ba Kabwata, phuma limenelo. Munthu asanaone chimene chili m'katimo mukuti afufute? Mwini wakale mwina anakonza bwino liwiro ndi nyali, reset ichotsa zonsezo. Komanso 8 mu CV8 si wa ma decoder onse. ESU, Zimo, Digitrax ndi Hornby amamva zimenezo, koma Lenz amafuna 33 mu CV8, ndipo NCE amafuna 2 mu CV30. Werengani kaye, kufufuta n'komaliza.

Ba Chilenje, chitani chonchi. Chotsani mutu wachiwiri panjanji, usatsalepo. Power Cab ili ndi mawaya awiri okha opita kunjanji, ndiye mukalowa mu program track njanji yonse imasanduka yolemberapo, chilichonse chokhalapo chimalandira zimene mukulemba. Anthu ambiri apatsa mitu yawo yonse adiresi imodzi mwa njira imeneyi. Dinani PROG/ESC kanayi, ENTER, musankhe CV. Muwerenge izi n'kutiuza manambala ake: CV8, CV1, CV29, CV17, CV18 ndi CV19.

Kabwata_Junction
Amayi, kwa woyamba kumene reset ndi yachidule. Manambala asanu ndi limodzi amusokoneza mutu.

NaZulu_Ngauge
Akapanda kuwaphunzira lero adzabweranso mawa ndi funso lomweli.

waya_wofiira
Musanafike ku ma CV, funso limodzi. Magetsi akufika bwino panjanji? Wachiwiri ukuyenda ndiye akufika, koma ena owerenga pano adziwe dongosolo lake: magetsi, njanji, mawilo, adiresi, decoder pamapeto. Pa Power Cab, chingwe chafulati cha mawaya 6 ndicho chimanyamula magetsi a njanji, ndipo chilowe m'bowo la kumanzere kwa panelo. Chingwe chopotana chija chili ndi mawaya 4 okha, sikirini iyaka koma njanji ikhala yakufa. Kanyali kofiira ka papanelo kakayaka, ndiye kuti zili bwino.

Za kuyeza. DCC si DC, si AC ya m'nyumba ayi. Magetsi ake amatembenuka mbali kambirimbiri pa sekondi, ndipo uthenga uli mu kutalika kwa kutembenukako: theka la 1 limatenga ma microsecond 58, theka la 0 limatenga 100 kapena kuposa. Multimeter mukaiika pa DC ionetsa pafupifupi ziro, musadabwe. Pa AC ionetsa nambala yoyandikira, osati yeniyeni, poti inapangidwira 50 Hz. HO imafuna cha m'ma 14 V, N (sikelo yocheperapo) cha m'ma 12 V. Ntchito ya mita yotchipa ndi kuyerekeza malo ndi malo: ngati pafupi ndi kontrola ikuti 14 koma kutsidya kwa thebulo ikuti 11, vuto lili pa zolumikizira njanji.

Chilenje_HO
Zikomo nonse. Pulagi ndatembenuza, wachiwiri uli bwinobwino, nyali zayaka nditadina F0, batani la nyali. Woyamba ndawerenga. CV8 ndi 129, CV1 ndi 3, CV29 ndi 38, CV17 ndi 207, CV18 ndi 172, CV19 ndi 12. Ndiye adiresi ndi 3 ndithu, bwanji sukumva?

NaZulu_Ngauge
Mwaonatu ba Kabwata. Decoder ndi yamoyo, imene yafa siyankha. 129 ndi nambala ya Digitrax. ESU ikanati 151, Zimo 145, Lenz 99, NCE 11.

Adiresi 3 ilimo mu CV1 koma decoder sikuigwiritsa ntchito, chifukwa CV29 yaiuza kuti imvere adiresi yaitali. CV29 ndi nambala imodzi yopangidwa pophatikiza timanambala, kalikonse ndi switchi yakeyake. 1 amatembenuza kutsogolo ndi kumbuyo. 2 ndi masitepe a liwiro 28 kapena 128. 4 amalola mutu kuyenda pa DC wamba. 8 ndi RailCom, njira yoti decoder izibweza uthenga ku kontrola. 16 ndi tebulo la liwiro lokonza wekha. 32 ndi adiresi yaitali. Wanu 38 ndi 32 kuphatikiza 4 kuphatikiza 2. Bola 32 alipo, CV1 ingokhala chikhalire.

Adiresi yaitaliyo ili mu CV17 ndi CV18. Chotsani 192 pa CV17, chotsalacho muchulukitse ndi 256, muonjezere CV18. 207 kuchotsa 192 ndi 15. 15 kuchulukitsa ndi 256 ndi 3840. Kuonjeza 172 ndi 4012. Yang'anani m'mbali mwa mutuwo, ndikukhulupirira nambala yopentedwapo ndi yomweyo, poti ambiri amatero.

Chilenje_HO
Amayi mwalasa, palembedwadi 4012! Ndasankha 4012, nyali zikuyaka ndi kuzima ndikadina. Koma kuyenda ayi.

mdala_wa_Matero
CV19 ija. Lembanimo 0.

NaZulu_Ngauge
Eya. CV19 ndi adiresi ya mitu yokokera pamodzi. Mwini wakale anaumanga ndi mutu wina pa 12, ndiye liwiro umamvera 12, nyali n'kumamverabe 4012. Chizindikiro chake n'chomwecho: nyali zikuyankha, mawilo ayi. Mukalemba 0 umasuka. Mukafuna kubwerera ku adiresi 3, CV29 ikhale 6.

Kabwata_Junction
Zonsezi reset ikanathetsa kamodzi n'kamodzi, koma chabwino, mwapambana. Ndionjeze chimodzi. CV29 aike 34 osati 38, kapena 2 m'malo mwa 6. Kutanthauza kuti achotse 4 wa DC uja. Kuno malaiti amapita n'kubwera, ndipo kontrola ikamadzuka, kapena pakachitika shoti, decoder ina imaona ngati ili pa DC ya 14 V n'kuthamanga liwiro lonse osamva batani lililonse. Thebulo likakhala lopanda mpanda, mutu umakathera pasimenti.

NaZulu_Ngauge
Apa pokha tagwirizana.

Kapiri_Express
Pepani kulowerera. Nambala ngati zimenezi n'za sitima za ku America. Palibe amene akupanga zathu zino? Ndimafuna nditaona TAZARA pathebulo, Kapiri Mposhi mpaka Dar es Salaam.

fundi_Chelston
Makilomita 1,860 pathebulo la m'chipinda chochezera, akuthamangitsani kunyumba akulu. Nkhani yovuta ndi mpata wa njanji. Yathu, ya Zambia Railways ndi TAZARA yomwe, ndi 1,067 mm. Mukagawa ndi 87 ya HO mupeza 12 mm ndi kanthu pang'ono, pamene njanji ya HO wamba ndi 16.5 mm, yoimira 1,435 mm ya ku Ulaya. Wofuna zenizeni agwiritse njanji ya 12 mm, ya HOm kapena TT. Ambiri sasamala, amangoyendetsa pa 16.5 mm, ngati mmene Lima inkapangira sitima za ku South Africa. Pa mutu, Frateschi ya ku Brazil imapanga GE U20C mu HO, mtundu umene Zambia Railways inali nawo. Kupenta n'kwanu.

Kapiri_Express
Decoder ilowamo?

fundi_Chelston
Malo alimo ambiri, koma tsekulani muone ngati muli soketi. Ikasowa ndi zowotcherera mawaya pamanja.

Chilenje_HO
Tibwerere kwa ine pang'ono akuluakulu. 4012 ukuyenda tsopano, CV29 ndaika 34. Koma ukudukiza, nyali zikuphethira, ndipo ukafika pa pointi imodzi umaima mpaka ndiukankhe ndi chala. Pa pointi inayo kontrola imazima kaye n'kuyakanso.

waya_wofiira
Awa ndi matenda awiri osiyana, musawaphatikize. Kuima kontrola ili chiyakire ndi kusowa magetsi. Kontrola kuzima ndi shoti.

Yambani ndi litsiro. Fumbi la Lusaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa silisiya kanthu, ndipo DCC imadana nalo kuposa DC. Pa DC mota imangodumpha malo akudawo ndi liwiro lake. Pa DCC decoder ndi kakompyuta, magetsi akaduka kamphindi imazima n'kuyambiranso, ndipo ngati mu CV3, ya kakweredwe ka liwiro, muli nambala yaikulu imayambira pa ziro kukwera pang'onopang'ono. Pukutani pamwamba pa njanji ndi kansalu kosasiya ubweya konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Mawilo: yalani kapepala kolimba konyowetsa panjanji, mawilo a mbali imodzi akhale pakapepalapo, enawo panjanji kuti atenge magetsi, gwirani mutu ndi dzanja n'kupatsa liwiro. Muona mizere iwiri yakuda. Tembenuzani muchitenso mbali inayo. Kenako yang'anani timkuwa togunda kuseri kwa mawilo, pamakhala ubweya ndi tsitsi zokulungana. Chotsani ndi kambano, muone kuti kalikonse kakugunda wilo ngakhale likasunthira kumbali.

mdala_wa_Matero
Sipiriti wapepo wa m'shopu amagwiranso ntchito, osavutika kusaka isopropyl.

waya_wofiira
Amachotsa litsiro inde, koma amasiya utoto wake. Isopropyl amapezeka kwa okonza mafoni ku Town Centre, si chinthu chosowa.

mdala_wa_Matero
Mukapukutanso ndi nsalu youma palibe chotsala. Chimene tonse tikane ndi sandipepa. Imakanda njanji, litsiro n'kumakhala m'mikandomo, mawa lake zimaipa kuposa dzulo. Mafutanso, kadontho ka pansonga ya singano pa magiya n'kokwanira. Ochuluka amatsikira kumawilo n'kumata fumbi.

fundi_Chelston
Za mapointi. Pamene njanji ziwiri zimadutsana pali kachidutswa kooneka ngati V, amati frog. Pa mapointi a ma seti, ndi a Peco otchedwa Insulfrog, kansonga kake ndi kapulasitiki, wilo likakhala pamenepo silitenga kanthu. Mutu wautali umadutsa chifukwa mawilo ena ali pachitsulo. Ukaima, ndiye kuti mawilo enawo sakugwira ntchito yawo, kapena lilime la pointi silikupatsira magetsi. Mapointi amenewa amadalira lilime kugunda njanji ya m'mbali, ndipo m'kati mwa mpatawo ndi momwe fumbi limabisala. Pindani kapepala kolimba, nyowetsani, kalowetseni pakati pa lilime ndi njanji, tsekani pointi, kokani. Bwerezani mpaka katuluke koyera. Pa mapointi a Hornby pali timawaya topinda, R8232, timene timalumikiza njanji kuti mbali zonse zikhale ndi magetsi nthawi zonse.

Shoti ya pa pointi inayo kawirikawiri imachitika chonchi: kungodutsa kapulasitiki kaja, njanji ziwiri zosiyana magetsi zimayandikana kwambiri, ndipo wilo lotambalala limagunda zonse ziwiri nthawi imodzi. Pa DC simungazindikire, koma kontrola ya DCC imadula msanga. Zimitsani nyali ya m'chipinda, yendetsani pang'onopang'ono, muona kamoto pamalopo. Pakani utoto wa zikhadabo wopanda mtundu pamwamba pa njanji ziwirizo, mamilimita atatu kapena anayi kuchokera pa pulasitiki, uume. Umatha ndi kuyenda kwa mawilo, mudzapakanso. Yezaninso mpata wa kuseri kwa mawilo awiri a pa ekiselo imodzi, ukhale pafupifupi 14.5 mm. Ukachepa, kuseri kwa wilo kumakhudza lilime lotseguka, shoti inanso.

Kabwata_Junction
Aike stay alive, capacitor yosungira decoder magetsi akaduka kamphindi, nkhani ya kuima pa pointi itheretu.

waya_wofiira
Capacitor imabisa matenda, sichiza. Njanji ikhale yoyera ndi mawaya okwanira kaye. Ikafunikadi, pa timitu tatifupi ta mawilo anayi, ikhale ya 25 V, ndi resistor ya 100 ohm ndi diode, kuti isamakoke magetsi ambiri podzaza. Mudziwenso kuti imatha kulepheretsa kuwerenga ma CV. Decoder imayankha kontrola pokoka 60 mA kwa ma millisecond 6 kudzera mu mota, ndipo capacitor yaikulu imasokoneza kugunda kumeneko. N'chifukwa chomwecho decoder yopanda mota, kapena ya pamawilo akuda, imati cannot read CV ili yamoyo.

Ba Chilenje, mawaya opita kunjanji ndi angati?

Chilenje_HO
Awiri okha, pamalo amodzi.

waya_wofiira
Tengani ndalama yachitsulo ya K1, muigoneke pa njanji zonse ziwiri kumalo akutali kwambiri ndi mawayawo. Kontrola izime nthawi yomweyo. Yesani malo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi kuseri kwa pointi iliyonse. Pamene yachedwa kapena osazima, pamenepo mpoopsa: shoti yeniyeni ikadzachitika apo, magetsi okwana 2 A azingodutsa m'timkuwa ta mawilo mpaka pulasitiki isungunuke. Mankhwala ake ndi mawaya awiri akuluakulu a 1.5 mm² oyenda kunsi kwa thebulo, ofiira ndi akuda, ndi timawaya ta 0.5 mm² tokwera kukawotcherera kunja kwa njanji pa mita iliyonse. Ofiira onse njanji yakunja, akuda onse yam'kati, mukasinthanitsa pamodzi pokha zonse zizima. Zolumikizira njanji zija ntchito yake ndi kuwongola njanji, zimamasuka ndi kutentha kwa Okutobala.

Kaunda_Square_Lima
Nane ndifunse pomwepa. Ndapeza mitu iwiri yakale, wa Lima ndi wa Märklin, yopanda soketi. Wa Lima ndikauika pa DCC umalira ngati udzudzu osayenda. Wa Märklin umazimitsa kontrola ndisanauchotse dzanja.

mdala_wa_Matero
Wa Lima uchotseni msanga! Mulibe decoder, kulirako ndi mota ikunjenjemera uku ndi uku, ikutentha ili chiimire. Wa Märklin, tembenuzani muone kumimba. Mukapeza kachitsulo kakatali kotsetsereka pakati, ndi wa njanji ya Märklin yokhala ndi timinga pakati. Mawilo ake a kumanja ndi kumanzere ndi olumikizana, pa njanji yanu ndi shoti basi. Ngolo zakenso chimodzimodzi, pokhapokha musinthe mawilo.

fundi_Chelston
Wa Lima ungathe kulandira decoder, koma motsatira ndondomeko. Uyende bwino pa DC kaye, chifukwa decoder sikonza mota yodwala. Kenako yezani magetsi amene mota imakoka ikakanizidwa: mita pa 10 A DC pakati pa kontrola ya DC ndi njanji, 12 V, kanikizani mutu mawilo aime kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, werengani. Decoder zambiri za HO ndi za 1 A kapena kuposerapo pang'ono, nambala yanu ikhale pansi pa imene yalembedwa papepala la decoder.

Chimene chimapha ma decoder ambiri ndi ichi: mbali imodzi ya mota kukhala yolumikizanabe ndi mawilo. Dulani mawaya onse a pa mota, ikani mita pa kabelu, yesani mbali iliyonse ya mota ndi wilo lililonse komanso ndi chitsulo cha thupi. Isalire paliponse. Ikalira, sakani pamene zikugundana, mutchinge ndi tepi ya Kapton. Mukatero wofiira ku mawilo a kumanja, wakuda kumanzere, olenji ndi gireyi ku mota, woyera nyali yakutsogolo, wachikasu yakumbuyo, wabuluu wobwerera nyali zonse. Mukaika LED, mwendo wautali ku buluu, ndi resistor ya 1k. Popanda resistor imaphulika n'kutenga mbali ya nyali ya decoder. Waya wosagwiritsa ntchito, monga wobiriwira, mutseke kumapeto. Decoder yeniyeniyo musaikulunge ndi tepi yakuda, imafuna mpweya, tchingani chitsulo chimene ikhalepo.

Mukamaliza, program track choyamba, chivundikiro chisanabwerere. Magetsi a pamenepo ndi ochepa, cholakwika chimaoneka chisanawotche. Ikawerenga CV1 n'kuti 3, mutu n'kugwedezeka pang'ono, pitani nawo panjanji yaikulu. Mukavala chivundikiro muwerengenso, waya umatha kupanikizika.

NaZulu_Ngauge
Kuonjezera: ka capacitor kakang'ono kamene kamakhala pakati pa mbali ziwiri za mota, kotchingira phokoso la wailesi, kamasokoneza ma decoder ena poyenda pang'onopang'ono. Mutu ukamagwedezeka pa sitepe 1 kapena 2, kachotseni. Kofanana nako kamabisala m'kabokosi kolowetsera magetsi kunjanji ka ma seti a DC, monga Hornby R8206, ndipo kamapotoza uthenga wa DCC. Tsekulani mukadule, kapena muwotcherere mawaya kunjanji mwachindunji.

Kaunda_Square_Lima
Zikomo. Transifoma imene inabwera nazo yalembedwa 120 V, ndingoika adaputa ya pulagi?

waya_wofiira
Musayerekeze. Adaputa imasintha mano a pulagi okha, kuno ndi 230 V. Pokhapokha palembedwe 100-240 V. Ndipo malaiti akapita, zulani kontrola kukhoma, mudzalowetse atakhazikika.

Chilenje_HO
Ndapukuta njanji ndi mawilo, kapepala kanatuluka kakuda bii. Lilime la pointi yoyamba ndatsuka, 4012 ukudutsa osaima ngakhale pa sitepe 3. Kamoto ndakaona pa pointi yachiwiri, ndapaka utoto, ukuuma. K1 yazimitsa kontrola paliponse kupatula kuseri kwa pointi yachiwiriyo, pamenepo imangolira. Mawaya ndigula Loweruka ku Kamwala. Ndikufunanso kuonjeza njanji yoti sitima izitembenuka n'kubwerera pa njanji yomweyo.

fundi_Chelston
Kufikira mawayawo atalowa, musayendetse kanthu kuseri kwa pointi imeneyo. Yotembenukirayo imalumikiza njanji yakumanja ndi yakumanzere, ndiye pafunika zolumikizira zapulasitiki pa njanji zonse ziwiri, polowera ndi potulukira, ndi auto reverser, kachipangizo kotembenuza magetsi kokha, yodyetsa chigawo cha pakatipo. Chigawocho chitalike kuposa sitima yanu yaitali kwambiri, kuwerengera ndi ngolo za mawilo achitsulo. Jambulani pulani yake papepala muitumize pano musanadule njanji.